Mlendo pa Kagalasi

Beseni la madzi ofunda la mu labu ya pachipatala linagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi osadwalapo. Koma chiyambire tsiku limene Sipanala, wokonza makina a pachipatalapo, anaona Pensulo, beseni lija linkafuna kupimidwa katatu pa sabata.

"Fote-faifi," anatero Sipanala Lolemba m'mawa, akutulutsa choyezera kutentha m'madzimo.

"Lachisanu analinso fote-faifi," anayankha Pensulo osatembenuka. "Lachitatu fote-faifi."

"Ndiye kuti wokonza wake ndi katswiri."

"Choka kutsogolo kwangako, katswiri. Ukapuma kamodzi riboni yanga iuluka."

Ntchito ya Pensulo inali yotere. Madokotala akatapa kanyama m'thupi la wodwala kuti adziwe chimene chikumudya, kanyamako kankafika mu labu m'kabotolo ka mankhwala, kali ndi nambala yake. Ankakaumitsa m'kabuloko ka phula. Kenaka Pensulo ankamanga kabulokoko pa makina a lumo n'kumasenga timagawo topyapyala kuposa khoko la anyezi, tolumikizana ngati riboni. Riboniyo ankaiyandamitsa m'beseni muja kuti makwinya atambasuke, n'kuiwola ndi kagalasi, n'kuinyika mu utoto kuti Dokotala akaione pa maikulosikopu. Nambala ankalemba ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka m'mankhwala. Pensuloyo sinkachoka m'tsitsi mwake, mpaka inasanduka dzina. M'mawa uliwonse asanagwire lumo ankaweramitsa mutu pang'ono, pakuti ankati kanyama kalikonse kali ndi mwini wake amene akudikira, ndipo mwiniyo alinso ndi Mwini wake.

"Mayi akubwera masana," ananong'oneza Sipanala. "Akufuna iweyo."

Dzanja la Pensulo linaima pa gudumu la makina. Panali patatha miyezi itatu mayi ake a Sipanala, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, atalumbira kuti mkazi wodula nyama za anthu sadzakhala mpongozi wawo iwo akupuma. Mtima wawo unali pa Sopulano, wa mawu okoma wa m'kwaya, amene ankakhala pa tebulo lachiwiri mu labu momwemo n'kumadula nyama zomwezo. Kungoti iyeyo anali atawauza kuti amangolemba pa kompyuta.

"Ineyo? Lero kugwa mvula."

"Ndi za abambo. Kanyama kawo ka m'mimba kaja kali muno, si ukudziwa."

"Mwadzuka bwanji a Sipanala?" anatero Sopulano ali ku tebulo lake, mawu akuwakoka ngati ali pa nyimbo. "Makina anganso akulira, koma inu simuwamva."

"Ndawamva, achemwali. Akufuna mafuta, ndipo mafutawo ali m'dirowa yanu."

* * *

Masana anawapeza mayi aja pa benchi la m'khonde, atakumbatira chikwama pachifuwa. Pensulo anawapatsa moni mwaulemu. Iwo anayankha ndi mphuno.

"Sindinabwere kudzacheza," anatero akutulutsa kapepala. "Nambala ya bambo a mwana wanga ndi iyi, 417. Akuti zotsatira Lachisanu. Inu muli m'kati momwemo. Kasuzumireni, mundiuze lero."

"Mayi, kanyamako sikanadulidwe n'komwe. Ndipo ngakhale kakanadulidwa, wonena ndi Dokotala. Ine ndimangokonza."

"Mumati mumamukonda mwana wanga."

"Ndimamukonda."

"Chikondi chanji chokanika kutsegula kabati?"

"Kabati imeneyo ndikaitsegulira inu lero, mawa mnzanga adzaitsegulira munthu wina amene akufuna kudziwa za pakhomo panu."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira pa pensulo ya m'tsitsi mpaka pa nsapato zake zothimbirira ndi utoto.

"Ndinanena ine. Munthu akazolowera lumo, mtima wake umasanduka lumo."

Pensulo anabwerera mu labu maso akuyabwa, koma sanalire. Anapita kwa abwana a labu, bambo wotopa amene ankangowerenga miyezi yoti apume pa ntchito.

"Abwana, 417 ndi ya munthu amene ndikumudziwa. Ndisaidule ine."

Abwanawo anagwedeza mutu n'kuipereka kwa Sopulano.

* * *

Dokotala ankabwera Lachinayi lokha, chifukwa ankayendera zipatala zitatu, ndipo ikakwana 3 koloko ankanyamuka. Choncho Lachinayi mu labu munalibe wokhala pansi ndi matako onse awiri. M'mawa umenewo Sopulano anadula mabuloko makumi atatu foni ili pakati pa khutu ndi phewa, akukangana ndi wina za yunifolomu ya kwaya.

Lamulo la beseni ndi limodzi, ndipo wophunzira aliyense amalimva tsiku loyamba. Ukatha buloko imodzi, pukuta pamwamba pa madzi ndi pepala usanayandamitse ina. Ukapanda kutero, kanyenyeswa ka munthu wina kamatsalira pamadzipo n'kukwera pa galasi la mnzake. Mu labu kanyenyeswa kotero amakatcha mlendo.

Sabata imeneyo inali ya Pensulo kunyika magalasi onse mu utoto ndi kuwayang'ana asanapite kwa Dokotala. Itangodutsa 2 koloko, anaika galasi lina pa maikulosikopu. Panali tinyama tinayi ta m'mimba, tooneka bwinobwino. Koma chakumphepete, patali ndi tinzake, panali kachidutswa kachisanu kakuda bii, maselo ake othithikana ngati anthu m'basi ya m'mawa. Anayang'ana pa pepala: tinyama totumizidwa tinali tinayi. Anayang'ana nambala. Inali 417.

"Abwana, pa 417 pali mlendo."

Sopulano anadzambatuka. "Mlendo wa chiyani? Unati sukhudza 417 iwe! Lero waikhudza kuti undiyalutse?"

"Sindinaidule. Ndainyika ndi kuiyang'ana, monga magalasi ena onsewa. Unapukuta beseni?"

"Ndikamapukuta ndizikuitana?"

Abwana anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuusa moyo. "Mwana wanga, nthawi yatha. Tikatchula mlendo, Dokotala afuna tidulenso zonse za m'mawa, anthu makumi atatu adikire sabata ina. Mwina kanangonyotsoka pa kanyama komweko. Ika m'thireyi. Dokotala ali ndi maso."

"Maso ali nawo, koma beseni sanalione."

"Ndati ika m'thireyi."

Pensulo anaima galasi lili m'manja. Anadziwa bwino chimene chikubwera. Akaimitsa 417, mayi aja adzati wabwezera mawu a pa benchi, ndipo khomo limene linali lotseka kale lidzakhomedwa ndi misomali. Akangokhala chete, zotsatira zituluka Lachisanu, iye n'kukhala wosalakwa pamaso pa onse kupatula Mmodzi. Koma Mmodzi ameneyo ndi amene amawerenga ndi tsitsi lomwe la pamutu pa munthu. Angalephere bwanji kuwerenga tinyama tisanu pamene panayenera kukhala tinayi?

Anawadutsa abwana pakhomo pomwepo n'kukagogoda kwa Dokotala.

Dokotala anali mayi wa imvi, wosakonda mawu ambiri. Anayang'ana galasilo nthawi yaitali, akutembenuza kagudumu pang'onopang'ono.

"Ngati kachidutswa aka n'ka bamboyu, ndi khansa, ndipo amuchotsa mbali ya chifu. Ngati si kake, timudulitsa munthu wabwinobwino." Anadzutsa mutu. "Dulaninso 417 mpaka kuitha, ndi zonse za m'mawa uno. Madzi atsopano, lumo latsopano. Adule abwana anu ndi manja awo. Ndidzaona Lachinayi likubwerali. Wapempha kuimitsa ndani?"

"Ine."

"Sainani apa."

Pensulo anasaina.

* * *

Madzulo a tsiku limenelo kunali kuphunzira nyimbo kutchalitchi, ndipo Sopulano sanajombe kukatula nkhaniyo. Lachisanu m'mawa foni ya Pensulo inalira. Unali uthenga wa Sipanala: "Akuti ndiwe waimitsa za abambo. Ndiuze kuti ndi bodza."

Iye anayankha: "Si bodza. Tikumane pageti nthawi ya nkhomaliro."

Pensulo anamupeza Sipanala atatsamira mpanda, pakati pa ogulitsa zipatso ndi anthu odikira kuona odwala. Lero panalibe nthabwala pankhope pake.

"Abambo sakudya. Mayi akuti wawabwezera chifukwa cha mawu aja."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikufunsa chifukwa."

"Chifukwa chili kwa Dokotala."

"Ine si munthu wapanjira, Pensulo. Ndine amene ndikufuna kukukwatira."

"Pa nkhani iyi ndiwe mwana wa wodwala, ngati ena onsewa."

"Ndimalowa mu labu katatu pa sabata ine!"

"Kudzayeza madzi, osati kudzawerenga magalasi."

Sipanala anatsala pang'ono kuseka, koma anakumbukira kuti wakwiya. "Mayi akuti ukapanda kubwera kudzapepesa Lamulungu lisanadutse, ndisadzatchulenso za iwe pakhomo paja."

"Ndipepese chiyani? Wopepesa ndi wolakwa. Ndikakupeza ndi bodza, ndidzakusunga ndi chiyani? Ukawauze kuti ndikuwapempherera abambo, ndi iwonso. Koma kupepesa ayi."

"Ungogwada basi, zithe. Maondo satha."

"Ndimagwada tsiku lililonse, koma ndimadziwa amene ndikumugwadira."

"Ndiwe wouma mutu."

"Unandipeza chonchi, ndipo unati n'zimene unandikondera."

Sipanala anachoka osatsanzika.

Lamulungu, mayi ake a Sipanala ndi amene anatsogolera pemphero. Anapempherera odwala, anapempherera amasiye, kenaka anakweza mawu kupempha Ambuye kuti afewetse mitima ya amene anapatsidwa miyoyo ya anzawo m'manja koma akuiseweretsa chifukwa cha chidani. Amayi anayankha ameni wamphamvu, ndipo makosi ena anatembenuka. Pensulo anali pa benchi lake la masiku onse, lachitatu kuchokera kutsogolo. Sanasunthe. Nyimbo itayamba anaimirira woyamba n'kuimba ndime zonse pamtima, mokweza, ngakhale mawu ake anali ngati a chitseko chosowa mafuta. Amene ankamuimbirayo sasankha mawu.

Lolemba beseni silinapimidwe. Lachitatu silinapimidwenso. Pensulo anatenga choyezera yekha, n'kupeza fote-faifi, ndipo apo m'pamene misozi inatsika.

* * *

Lachinayi Dokotala anaitana onse atatu.

"417 ndayang'ana magalasi khumi ndi awiri. Mulibe khansa. Ndi zilonda za m'mimba, za mankhwala akumwa basi." Anatenga galasi lina. "Mlendo wanu uja kwawo ndakupeza. Ndi wa 416, buloko imene inadulidwa 417 isanadulidwe. Chotupa cha m'bere. Imeneyo ndiye khansa, ndipo mwini wake afulumire."

Abwana anavula magalasi a m'maso n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero pomaliza. "Uyu akanadza ndi mpeni wa opaleshoni. Pepa, mwana wanga."

Sopulano anapita ku tebulo lake, n'kuponya foni m'dirowa, n'kuika mpukutu wa mapepala pambali pa beseni ndi mphamvu yoti madzi anakhavuka. Pensulo sanamuyang'ane. Wagwa sapondedwa. Anangoweramitsa mutu kuthokoza chifukwa cha abambo aja, n'kupempherera mwini wa 416 amene sankamudziwa, pakuti mapepala a mayina ankakhala ku ofesi ndipo iye analibe chizolowezi chowasuzumira.

* * *

Lachisanu masana anauzidwa kuti pali munthu akumufuna m'khonde. Anali mayi aja, pa benchi lomwe lija. Koma ulendo uno anasendera kumupatsa malo.

"Khala pansi, mwana iwe."

Pensulo anakhala.

"Tachokera kwa dokotala wa bambo. Watiuza zonse. Akuti kachidutswa ka wodwala wina kanasochera pa galasi lawo, ndipo pakanapanda wina wa mu labu kuumirira, akanawang'amba pachabe." Anatembenukira kwa Pensulo. "Ndinakunenera pamaso pa mpingo. Ndinalakwa. Mulungu wandichititsa manyazi ndi dzanja lomwe ndinkalinyoza."

"Zatha, Mayi. Chachikulu abambo ali bwino."

"Sizinathe." Anatsegula chikwama pang'onopang'ono. "Ndinamufunsa dokotalayo kuti zinthu zotere zimachitika bwanji. Akuti kachidutswako kamachokera kwa amene wadulidwa poyamba, woyandikana naye nambala. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma kuwerenga ndimadziwa."

Anaika kapepala pa bondo la Pensulo. Panalembedwa 416.

"Tsiku lija bambo atawagoneka kuti awalowetse chipaipi kukhosi, ine ndinazemba n'kupita ku chipinda cha amayi. Chotupacho ndakhala nacho miyezi isanu ndi iwiri. Mabotolo athu anapita m'thireyi imodzi. Palibe akudziwa, ngakhale bambo."

Pensulo anayesa kuumitsa nkhope monga amachitira pa ntchito, koma nkhope inamukana.

"Mayi, wokuuzani ndi dokotala wanu. Ine sindinga—"

"Usavutike. Andiimbira kawiri dzulo kuti ndipite msanga. Munthu saitanidwa msanga kuti akamve kuti ali bwino. Ndipo maso akowa amaliza kunena." Anatenga kapepala kaja. "Tsopano tamvera. Ine kumeneko sindipita."

"Mayi!"

"Ndasanjika manja pa odwala zaka makumi awiri. Ndauza amayi kuti chikhulupiriro chimachiritsa. Lero ndikagone pa bedi, andidule bere, tsitsi lithothoke, amayi omwewo azibwera kudzandiimbira? Ayi. Ndikufuna ndione ukwati wa mwana wanga ndili wathunthu, nditaimirira ndi miyendo yanga. Bambo avomera kale. Inenso ndikuvomera. Miyezi itatu ikubwerayi mukwatirane. Iwe usauze munthu, usandikumbutse za chipatala, ndipo ine ndikutcha mwana wanga pamaso pa onse amene anamva pemphero lija."

Chimene Pensulo anali kuchipempha pa maondo miyezi itatu chinali apa, pa benchi, chongofuna kutola. Anaona m'maganizo mwake tchalitchi chodzaza, Sipanala atavala suti, mayiwa akumwetulira kutsogolo. Kenaka anaona maselo aja othithikana, amene sadziwa kudikira tsiku la ukwati wa munthu.

"Kuuza munthu sindiuza," anatero. "Osati chifukwa cha zimene mwandilonjeza. Ntchito yanga siilola, ndipo nkhaniyi ndi yanu. Koma ukwati umenewo sindiulandira."

"Ukuti chiyani?"

"Mukufuna ndivale zoyera, ndizivina, ndikudziwa kuti ndagula tsikulo ndi moyo wanu? Mawa mwana wanu akadzaima pamanda n'kundifunsa ngati ndinkadziwa, ndidzamuyankha chiyani?"

"Ukuchepetsa mphamvu ya Mulungu iwe?"

"Ayi. Ndikuiona. Inu munabisa chotupa miyezi isanu ndi iwiri, munabisa botolo, munabisa nambala. Koma kachidutswa kanu kanachoka pamene munakabisa n'kukagona pafupi ndi amuna anu, mpaka lero mwabwera nokha kudzandiuza. Mukufuna akuitaneni ndi chiyani, lipenga? Amene anakuumbani ndi yemweyo anapatsa Dokotala maso. Simungatamande dzanja lake lamanja n'kukana lamanzere."

"Usandilalikire. Ndinayamba kuwerenga Mawu iwe usanabadwe."

"Ndiye mukudziwa kuposa ine kuti thupi ili ndi lobwereka. Lolemba 8 koloko ndidzakudikirani pageti. Ndidzalowa nanu, ndidzakugwirani dzanja, ndipo tsitsi likathothoka ndidzakumangani mpango ndekha. Mukalowa kwa dokotala, tidzakamba za ukwati. Musanalowe, ayi."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa. "Ukudziwa kuti nditha kukutsekera khomo limeneli mpaka kalekale?"

"Ndikudziwa. Bola mulitseke muli moyo."

Asanayankhe, kunamveka mapazi othamanga m'khonde. Anali Sipanala, malaya ali ndi girizi, nkhope ikuwala.

"Pensulo! Ndakufuna mu labu, ndakufuna pageti. Ndikhululukire, ndinali chitsiru. Abambo adya mbale ziwiri, ndipo akuti mawa lomwe tikaonane ndi makolo ako." Anatembenukira kwa mayi ake. "Mayi, si mwavomera?"

Mayiwo anapinda kapepala kaja kanayi, n'kukalowetsa pansi penipeni pa chikwama, n'kutseka zipi. Kenaka anamwetulira.

"Ine ndavomera, mwana wanga. Funsa mnzakoyu. Wakana ndi iyeyu."

Sipanala anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Palibe anaseka naye.

"Wakana?"

Pensulo anayang'ana mayiwo. Maso awo anali ouma, akumuyesa ngati alankhula. Anayang'ana Sipanala, mtima ukumuwawa ngati wapsa ndi phula lotentha.

"Ndakana," anatero. "Mawa ayi."

"Chifukwa cha zimene ndinanena pageti zija? Ndapepesatu!"

"Si zimenezo."

"Nanga liti? Ndiuze tsiku, Pensulo. Liti?"

Iye anaimirira n'kukonza gauni lake la ntchito.

"Tsikulo akulidziwa ndi mayi."

Sipanala anatembenukira kwa mayi ake. Ndipo mtsogoleri wa amayi, amene sanasowepo mawu pa guwa kapena pa maliro, anangogwira chikwama chake ndi manja awiri n'kuyang'ana pansi.